Mutu 9: Pulagi Imangidwe Mpaka Pati?

Corolla ikamachoka ku Sinda kulunjika ku Katete, anthu atadzaza, matumba a mtedza ali kumbuyo, injini yake imazungulira maulendo pafupifupi 3,000 pa mphindi imodzi. Pa liwiro limenelo pulagi iliyonse imathetheka ka 25 pa sekondi. Kamoto kake n'kakang'ono, kamangodumpha kampata ka milimita imodzi, koma chimene kamayatsa n'choopsa: petulo wosakanikirana ndi mpweya, wopanikizidwa m'kachipinda kotsekeka. Akayaka, kutentha kumapitirira madigiri 2,000, ndipo mphamvu yake imakankhira pisitoni pansi. Mphamvu yomweyo imakankhanso pulagi kuti ituluke m'dzenje lake. Zimene zimaigwira kuti isauluke ndi mazinga ake ndi kawashala kamodzi basi.

Eni magalimoto ambiri amadziwako ndithu za mapulagi. Amadziwa kuti injini ikayamba kumisa, poyambira kufufuza ndi pamenepo. Amadziwa mayina a NGK, Denso ndi Bosch, ndipo ena amatha kuyang'ana nsonga ya pulagi n'kukuuza ngati injini ikudya oyilo kapena ikumwa petulo wambiri. Koma ukawafunsa kuti pulagi imangidwe mpaka pati, yankho limakhala limodzi: "Mpaka ilimbe." Yankho limeneli lagonetsa magalimoto ambiri pa miyala kuseri kwa nyumba. Pulagi ili ndi muyeso wake womangira, monga momwe ilili ndi muyeso wa kampata ka kunsonga. Kuperewera pa muyesowo kumawononga injini pang'onopang'ono, ndipo kupyola kumaiwononga tsiku lomwelo.

Tisiyanitse kaye. Ma Canter onyamula chimanga ndi thonje, mabasi aakulu a ku Lusaka, ndi malole amene amakhotera pa Katete kulowera ku Chanida ndi ku Tete, amenewo ndi a dizilo, ndipo dizilo amayaka chifukwa chopanikizidwa, safuna kamoto. Nkhani yathu ndi ya injini za petulo: ma Corolla, ma Sienta ndi ma Noah amene amachita takisi, njinga zamoto zimene zadzaza njira za m'midzi, ndiponso mapampu a madzi a m'madimba.

Zimene zimachitika pa phewa la pulagi

Pulagi ikalowa m'dzenje mpaka kufika, phewa lake lachitsulo limakhala pa hedi ya injini, ndipo pamalo aang'onowo pamagwirika ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kutseka mpweya. Mapulagi ambiri amene timagwiritsa ntchito kuno ali ndi kawashala kachitsulo chopinda, kamphako m'kati. Pomanga, kawashalako kamafinyika n'kudzaza timipata tonse. Mtundu wina, umene umapezeka pa injini zina za Ford ndi za magalimoto a ku America, ulibe washala. Phewa lake ndi lopendekeka, ndipo limakhala m'malo osemedwa mofanana nalo.

Ntchito yachiwiri ndi imene anthu ambiri saidziwa, chonsecho ndiyo imasunga moyo wa injini. Nsonga ya pulagi imakhala m'moto nthawi yonse imene injini ikulira. Opanga mapulagi amafuna kuti nsongayo izikhala pakati pa madigiri 500 ndi 800. Ikazizira kuposa pamenepo, mwaye umaunjikana, magetsi n'kumasochera m'mwayemo m'malo modumpha kampata. Ikatentha kupitirira, imafiira. Tsono pulagi ilibe madzi oiziziritsa. Kutentha kwake kumayenda m'dongo loyera la pulagiyo, kulowa m'chitsulo, kudutsa pa washala ndi m'mazinga, n'kukalowa m'hedi, m'mene mumazungulira madzi ochokera ku radiyeta. Njira yaikulu ndi imeneyo. Pulagi yosamangika bwino imangokhudza hedi mwa apo ndi apo, kutentha kumasowa podutsa, n'kubwerera kunsonga.

Nsonga ikafiira imayatsa petulo nthawi yake isanakwane, pisitoni ikadali kukwera. Pisitoni ikukankha m'mwamba, moto ukukankha pansi. Zikapitirira, kachitsulo ka kunsonga kamasungunuka, ndipo nthawi zina pisitoni imabooka pamutu. Palinso china. Pulagi yogwedera imanjenjemera nthawi iliyonse petulo akaphulika, ndipo kunjenjemerako kumadya mazinga a hedi. Mpweya wamoto umathawira m'mbali, n'kuwotcha mphira wa koyilo umene umavala pamwamba pa pulagi. Misewu ya fumbi ya mabampu, monga yolowa m'midzi ya ku Vubwi kapena ya kwa Kawaza, siingamasule pulagi yomangidwa bwino, koma yoperewera imaithandiza kubwerera m'mbuyo. Tsiku lina galimoto ikukwera chitunda mumangomva phuu! pansi pa boneti. Pulagi yatuluka, yathyola koyilo, ndipo yatenga mazinga a hedi n'kupita nawo.

Woopa zimenezi amathawira mbali ina: amamanga ndi mphamvu zake zonse, mwinanso kulowetsa paipi pa sipanala kuti italike. Thupi la pulagi ndi chitsulo chopyapyala, champhako. Mukachikoka mopitirira chimatamuka, ndipo kutamukako kumamasula dongo la m'kati pamene linagwirana ndi chitsulo. Zotsatira zake n'zofanana ndi za pulagi yogwedera: mpweya umadutsa m'kati, kutentha kumasowa njira. Dongo likhoza kuchita mng'alu wosaoneka ndi maso, magetsi n'kumathawira pamenepo. Pulagi ikhoza kudukira m'dzenje, mazinga n'kutsalira m'kati. Koma chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti mazinga a hedi amagonja. Sipanala imene imalimba imafewa mwadzidzidzi n'kuyamba kuzungulira yokha, ndipo aliyense amene anagwirapo injini amadziwa mmene mtima umatsikira nthawi imeneyo.

Injini zinasintha, manja sanasinthe

Chizolowezi chomanga mwamphamvu chili ndi kumene chinachokera. Ma Land Rover akale a petulo ndi malole a Bedford, amene anaphunzitsa ntchito amakaniko ambiri a m'badwo wapitawu, anali ndi hedi ya chitsulo cholemera chija amachitcha cast iron. Chitsulo chimenecho chimapirira dzanja lolemera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, malonda atamasuka m'Zambia, magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito a ku Japan anayamba kulowa ambirimbiri, ochuluka kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Nakonde. Pafupifupi onsewo hedi yake ndi ya aluminiyamu. Aluminiyamu ndi wopepuka ndipo amatulutsa kutentha msanga, n'chifukwa chake opanga injini amamukonda, koma ndi wofewa poyerekeza ndi chitsulo cha pulagi. Ziwirizi zikalimbana, wogonja amakhala aluminiyamu nthawi zonse. Akatentha amafutukanso kuwirikiza pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, ndipo amafewerapo. Injini zatsopanozi zinabisanso pulagi pansi pa dzenje lakuya, moti suiona ikamalowa. Umangodalira zimene zala zikukuuza.

Mnyamata amene akuphunzira ntchito lero amaphunzira kwa munthu amene anaphunzira pa cast iron, ndipo mphamvu imene imalimbitsa bawuti ya tayala amapita nayo pa pulagi. Sindikumuimba mlandu mnyamatayo. Palibe anamuuza kuti nati ya tayala la Corolla imafuna mphamvu yoposa kasanu imene pulagi ya galimoto yomweyo imafuna.

Kuti muone mmene mazinga a aluminiyamu alili osachedwa kugonja, taonani zimene zinachitikira kampani ya Ford ku America. Injini zake za Triton, za malita 4.6, 5.4 ndi 6.8, zimene zinaikidwa m'mapikapu ndi m'magalimoto ena kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, zinali ndi mazinga ochepa kwambiri, pafupifupi anayi okha, m'dzenje la pulagi. Zinatchuka ndi kulavula mapulagi galimoto ikuyenda, mpaka makampani a zida anayamba kugulitsa mabokosi okonzera vuto limenelo lokha. Pa injini zimenezo kuphonya muyeso pang'ono, kaya kuchepetsa kaya kupyola, kunali kokwanira. Dzenje la Corolla lili ndi mazinga ochuluka kuposa pamenepo, koma nawonso ndi aluminiyamu yemweyo.

Muyeso wake

Mphamvu yopotokola bawuti kapena pulagi imayezedwa mu newton-metre, polemba mwachidule Nm. Kampani ya NGK, imene inayamba mu 1936 ku Nagoya m'dziko la Japan, imapereka miyeso motengera kukula kwa mazinga. Pulagi ya washala ya mazinga a mamilimita 14, pa hedi ya aluminiyamu, imafuna 25 mpaka 30 Nm. Ya mamilimita 12 imafuna 15 mpaka 20. Ya mamilimita 10, imene imapezeka pa njinga zamoto zambiri zing'onozing'ono, imafuna 10 mpaka 12 basi. Yopanda washala ija, ya mamilimita 14, imafuna 10 mpaka 20 pa aluminiyamu. Imeneyi ndi miyeso wamba. Buku la galimoto yanu likanena zina, tsatirani bukulo, pakuti analilemba ndi amene anapanga hediyo. Pa injini zing'onozing'ono zambiri za Toyota, monga 1NZ-FE imene ili m'ma Corolla ndi ma Sienta ambiri, buku limatchula 18 Nm.

Chenjezo limodzi apa: nambala ya sipanala si kukula kwa mazinga. Sipanala ya 16 imagwira mapulagi ena a mazinga a 14 ndi enanso a mazinga a 10. Amene amamanga motengera sipanala amathyola pulagi ya njinga yamoto akuganiza kuti ikufanana ndi ya galimoto.

Kodi 20 Nm ndi mphamvu yochuluka bwanji? Tengani sipanala yotalika masentimita 25, muigoneke chopingasa, kunsonga kwake mukoleke ndowa ya malita 8 a madzi. Kulemera kwa ndowayo ndiyo 20 Nm. Mtsikana wa giredi 5 amainyamula ndi dzanja limodzi kuchokera ku mjigo. Tsono mukalowetsa paipi ya mita imodzi pa sipanala yomweyo, makilogalamu awiri okha akwana kale muyeso. Munthu wamkulu akatsamira pa paipiyo ndi thupi lake, mphamvu imene imafika pa mazinga imapyola muyeso kakhumi kapena kuposa. Paipi ili ndi ntchito yake pomasula nati ya tayala yochita dzimbiri. Pa pulagi isayandikire.

Chida choyezera mphamvuyi ndi torque wrench. Akuti anachiyambitsa ndi Conrad Bahr mu 1918, akugwira ntchito ku dipatimenti ya madzi ya mzinda wa New York, pofuna kuti mabawuti a mapaipi asamamangidwe mopyola. Mtundu wofala masiku ano mumautchera pa nambala imene mukufuna, ndipo mukafika pamenepo umalira kuti kwe. Ukalira, lekani, kubwerezanso "kuti mutsimikize" ndi kuwonjezera mphamvu. Galaja iliyonse yoona imayenera kukhala nayo, ndipo mwini galimoto ali ndi ufulu wofunsa ngati ilipo. Ikhale yaing'ono, yoyeza bwino manambala otsika, chifukwa yaikulu ya matayala siikhulupirika pa 18 Nm.

Koma tinene zoona, magalaja ambiri a pansi pa mtengo alibe chidachi, ndipo dalaivala amene wafera pakati pa Katete ndi Chanida sangachipeze. Opanga mapulagi anaganizira zimenezi, n'chifukwa chake pa kabokosi ka pulagi amajambulapo njira yachiwiri, yowerenga kuzungulira. Lowetsani pulagi ndi zala mpaka washala ikhale pa hedi, isafunenso kupita. Ikani sipanala, muganize kuti chogwirira chake chaloza pa 12 koloko. Ngati pulagi ndi yatsopano, ya washala, ya mazinga a 14, zungulizani mpaka chogwirira chifike pakati pa 6 koloko ndi 8 koloko. Ngati ndi yakale imene mwangoichotsa n'kuibwezera, fikani pa 1 koloko, osapyola hafu pasiti wani. Ngati ndi yopanda washala, musafike n'komwe pa 1 koloko.

Apa ndi pamene ambiri amalakwira, choncho tikhalepo pang'ono. Mazinga a pulagi ya 14 ndi otalikirana mamilimita 1.25, kutanthauza kuti ikazungulira kamodzi imalowa mamilimita 1.25. Ikazungulira theka, yalowa pang'ono kupitirira theka la milimita. Pa pulagi yatsopano, mtunda umenewo ndi umene kawashala kamphako kaja kamafinyika. Mukamanga mumamva kakugonja pang'onopang'ono, kenako sipanala imalimba. Koma washala imafinyika kamodzi kokha. Mukaichotsa pulagiyo n'kuibwezera, washala ndi yophwatalala kale, ilibenso pogonjera. Mukaizungulizanso theka, theka la milimita lija liyenera kuchokera penapake, ndipo limachokera m'chitsulo cha pulagi ndi m'mazinga a hedi. Mahedi ambiri amawonongeka motero: munthu anachotsa mapulagi kuti awapukute, n'kuwamanga ngati atsopano.

Mmene mmisiri wodziwa amachitira

Mwezi wa Ogasiti kukamayandikira Kulamba, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, magalaja a pa Katete amadzaza. Aliyense akufuna sevisi lero lomwe, kuti mawa anyamule anthu. Mphepo ya nyengoyo imaulutsa fumbi paliponse. Ndi nthawi imene mungaone bwino kusiyana kwa amisiri.

Takisi imafika, injini ikutentha, dalaivala osazimitsa n'komwe.

"Amisiri, ndisinthireni mapulagi msangamsanga, anthu akundidikira pa siteshoni."

"Zimitsani kaye, abwana. Pitani mukamwe tiyi, injini izizire. Ndikaigwira panopa mudzandida mawa."

Mmisiri wodziwa sagonja pa mfundo imeneyi, ngakhale kasitomala akwiye. Amadikira mpaka atakhoza kuika dzanja pa hedi osalichotsa. Kenako amamasula makoyilo, n'kuwaika m'ndondomeko yake. Asanakhudze pulagi amasuzumira m'dzenje ndi tochi. Ngati muli mchenga amaupemerera ndi mpweya wa kompuresa, kapena ndi pampu ya njinga ngati magetsi palibe, chifukwa mchenga umenewo ukagwera m'silinda umakanda makoma, ndipo ukatsalira pa phewa umalepheretsa washala kukhala bwino. Akapeza oyilo m'dzenje amadziwa kuti gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba yatha, ndipo amamuuza mwini galimoto.

Pobwezera, mnyamata wophunzira amathamangira ratchet.

"Iwe, siya chimenecho. Yamba ndi dzanja."

Mmisiri amatenga kapaipi ka mphira, kotalika ngati chikhato ndi theka, amalowetsa mutu wa pulagi m'kapaipiko, n'kuitsitsira m'dzenje mosamala kuti nsonga isagunde ndi kutseka kampata. Amazunguliza kapaipiko ndi zala ziwiri. Pulagi ikalowa molunjika imayenda mofewa mpaka pansi. Ikalowa mopendama imakana itangozungulira kamodzi kapena kawiri, ndipo mphira umaterereka m'malo moikakamiza. Ndiye ubwino wa kapaipiko: kalibe mphamvu yodula mazinga. Ikakana amaibweza, n'kuyambiranso. Sipanala imabwera pomaliza penipeni, ndipo ntchito yake ndi ya masekondi ochepa. Amagwira ndi dzanja limodzi, lina litagwira pamutu pa sipanala kuti isapendame n'kuthyola dongo.

"Wamva pamene yalimbira? Basi, pamenepo. Usawonjeze."

Pa zopaka m'mazinga, amisiri amatsutsana. Ena amapaka girisi kapena mankhwala oletsa kugwirana, poopa kuti pulagi idzakanirira. NGK imaletsa zimenezi pa mapulagi ake onyezimira, chifukwa anakutidwa kale ndi chitsulo choteteza. Chopaka chilichonse chimapangitsa mazinga kuterera, moti pofika pamene torque wrench ikulira, pulagi imakhala italowa kupyola muyeso, mwina ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ine ndili mbali ya opanga: mazinga akhale oyera ndi ouma.

Kufufuza pulagi imene ili kale m'injini

Mwagula galimoto kwa munthu wina, kapena yangochokera ku sevisi ndipo mtima sukukhazikika. Mungadziwe bwanji? Yambani ndi khutu. Pulagi yogwedera imalira kuti tsi-tsi-tsi motsatana ndi injini, ndipo kulirako kumafulumira mukaponda mafuta. Ambiri amakusokoneza ndi kulira kwa mavavu kapena kwa ekizozi yobooka. Pamakhalanso kafungo ka petulo kapena ka utsi mukatsegula boneti. Injini ikhoza kumisa, ndipo nyali yochenjeza ya pa dashibodi ikhoza kuyaka. Makina owerengera zolakwika amaonetsa nambala ngati P0301 kapena P0302, kuloza silinda imene ikuvuta.

Injini itazizira, chotsani koyilo muyang'ane mphira wake. Ngati wada ndi mwaye, wauma kapena wasungunuka kunsonga pamene anzake ali bwinobwino, mpweya wamoto ukuthawira pamenepo. Lowetsani sipanala ya pulagi popanda chogwirira, muyese kuzunguliza ndi zala. Ikayenda, pulagiyo inali yomasuka. Itulutseni muione. Washala yosafinyika, yonenepa ngati yatsopano, ikukuuzani kuti sinamangidwe mokwana. Mwaye wakuda wokwera m'mazinga onse mpaka kudutsa washala ukunena chimodzimodzi. Tizidutswa tonyezimira ta aluminiyamu m'mazinga a pulagi ndi uthenga woipa: hedi yayamba kale kudyeka. Koma kamzere kofiirira kozungulira dongo loyera, pamwamba penipeni pa chitsulo, kasakuopseni. Ambiri amati ndi mpweya ukuthawa, n'kutaya pulagi yabwino. Kamabwera chifukwa magetsi amphamvu amakoka tinthu ta oyilo ta mumpweya n'kutimata pamenepo, ndipo sikawononga kanthu.

Pali msampha umodzi umene umakola ngakhale amene ali ndi torque wrench. Amaitchera pa muyeso, amaiika pa pulagi imene ili kale m'malo, imalira kwe nthawi yomweyo, iwo n'kunena kuti zili bwino. Kulirako kwangosonyeza kuti pulagi siili pansi pa muyeso. Yomangidwa pa 20 Nm ndi yomangidwa pa 60 Nm zonse zimaliza chidacho mofanana. Njira yoona ndi kuimasula kaye pang'ono, kenako n'kuimanganso mwa kukoka kumodzi kosadukiza mpaka chida chilire pulagi ikuyenda. Pomasulapo mudzamvanso ndi dzanja ngati inali yomangidwa mopyola.

Ikakana kumasuka, musalimbane nayo. Thirani mafuta olowerera m'dzenje, mudikire, ngakhale usiku wonse. Kenako masulani pang'ono, bwezerani pang'ono, masulaninso, mpaka mwaye wogwira kunsonga kwa mazinga uthetheke wokha. Pulagi za iridium zimene zimatha makilomita pafupifupi 100,000 ndizo zimakonda kukanirira, chifukwa zimakhala zaka zambiri osakhudzidwa.

Njinga yamoto ndi pampu ya kudimba zimavutika kuposa galimoto pa nkhaniyi, chifukwa pulagi yake ili poyera ndipo mwini amaichotsa kawirikawiri. Injini ikangokana kulira m'mawa, choyamba ndi kutulutsa pulagi, kuipukuta pa thalauza, n'kuibwezera. Kuchotsa kulikonse ndi mwayi wina wolakwitsa, ndipo washala inafinyika kalekale. Kasipanala kamene kamabwera ndi njingayo kali ndi kachitsulo kafupi kozungulizira, kufupikako n'kwadala. Buku la injini za Honda za mtundu wa GX, zimene zimayendetsa mapampu ndi majenereta ambiri, lili ndi muyeso wakewake: limanena kuti pulagi yatsopano izungulire theka washala itakhala pansi, ndipo yakale izungulire gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu mpaka gawo limodzi mwa anayi. Mlimi wa tomato amene wadula mazinga a pampu mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, amataya zambiri kuposa mtengo wa hedi, pakuti mbewu siidikira kuti sipeya ifike kuchokera ku Chipata.

Mazinga akadyeka

Pulagi ikatuluka muli pa msewu, imani pambali, muzimitse injini. Dzenje lotsegukalo limapopa petulo wosayaka, ndipo koyilo yolendewera pafupi ikhoza kumuyatsa. Ngati palibe kuchitira mwina koma kuyenda, zulani waya wa injekita ya silinda imeneyo ndi waya wa koyilo yake, muyende pang'onopang'ono ndi masilinda otsalawo mpaka pa galaja yapafupi. Kukulunga pulagi ndi waya, nsalu kapena zomatira kuti igwire ndi kuitana ngozi yachiwiri.

Mazinga akangopindika pang'ono pakamwa pa dzenje, pali chida chowongolera chimene chimatsata mazinga akale osadula atsopano. Akatheratu, dzenje limakulitsidwa, amadulamo mazinga aakulu, n'kulowetsamo kachitsulo kokhala ndi mazinga m'kati ndi kunja, kamene kamabwezera dzenje pa kukula kwake koyamba. Ambiri amakatcha Helicoil, potengera dzina la kampani ina yotchuka. Pali ka waya wopota ndi ka chitsulo chathunthu, ndipo pa pulagi chathunthucho chimakhalitsa chifukwa sichituluka pamodzi ndi pulagi pa sevisi yotsatira. Ntchitoyi itheka hedi ili pa injini, ngati mmisiri apaka girisi wambiri pa chodulira kuti agwire tizidutswa, aonetsetsa kuti mavavu a silinda imeneyo atsekeka ndipo pisitoni ili pansi, ndi kupemerera m'kati bwinobwino asanaike pulagi. Chofunika koposa n'chakuti chodulira chilowe chilili. Chikapendama, phewa la pulagi silikhalanso mofanana mbali zonse, mpweya umapitiriza kuthawa, ndipo chotsala ndi kuchotsa hedi n'kupita nayo kwa osema zitsulo ku Chipata kapena ku Lusaka. Kachitsulo katsopanoko kakalowa, kasakhale kotalika kuposa mazinga a pulagi, chifukwa mbali yotulukira m'silinda imafiira n'kuyatsa petulo nthawi isanakwane. Pulagi yolowa m'dzenje lokonzedwalo ikhale yatsopano, ya washala yatsopano, ndipo imangidwe pa muyeso womwe uja wa m'buku.